ZIMBALE ZA NSANJIKA ZIWIRI: CIFUKWA CACE ZINA ZIYENDA NDI ZINA ZIKANA

 Nkhani ya lero iri ya kanthu kamene kapezeka m'nyumba zambiri za ku Copperbelt, kosungidwa m'kabati pamodzi ndi makalata a ukwati ndi zithunzi za makolo. Kanthuko ndi cimbale ca DVD, makamaka cimbale cija colowa zambiri, cimene pa cikuto cace palembedwa malembo awiri akuti DL ndi nambala yakuti 8.5 GB.

M'zaka zija zotsata 2005, pa ukwati, pa kitchen party, pa matebeto ndi pobvundukula mwala wa pa manda, mnyamata wa kamera sanali kusowa kawiri-kawiri. Makwaya a m'machalichi naonso anali kujambulitsa nyimbo zao. Zonsezi zinali kuthera pa cimbale. Tsono lero banja likaturutsa cimbale cace kuti ana aone agogo ao amene anamwalira kale, makina angolira pang'ono, nalemba pa TV kuti mulibe cimbale. Nthawi zina cithunzi ciyenda bwino kufikira pakati, ndipo pomwepo ciima ciriri. Wina akalipira makina, wina akalipira mnyamata wa kamera; koma akapita naco cimbaleco kwa mnansi, ciyenda popanda bvuto. Kodi cifukwa cace nciani? Ndipo kodi mwini cimbale ayenera kucitanji nthawi isanathe?

Cimbale codinda ndi cimbale coocha

Cimbale ca CD cinaturuka m'caka ca 1982, ndipo anacipanga ndi makampani a Philips ndi Sony. Ca DVD cinayamba kugulitsidwa ku Japan m'caka ca 1996. Zonse ziwiri nzofanana ukuru, masentimita 12 kupingasa kwace, koma DVD ilowa zambiri koposa.

Zimbale za mafilimu za ku fakitale acita kuzidinda ndi cidindo cacitsulo, monga momwe anali kudindira mbale za galamafoni ku fakitale ya Teal ku Ndola m'zaka za m'ma 1970. Cidindoco cisiya timaenje tating'ono m'pulasitiki, totsatana m'kanjira kamodzi kozungulira-zungulira ngati cigoba ca nkhono. Kanjirako nkoonda zedi, kotero kuti tinjira pafupi-fupi 100 tikhoza kukwana m'kunenepa kwa tsitsi limodzi. Munthu atakatambasula kakhoza kufika makilomita pafupi-fupi 12, mtunda wocepa pang'ono ndi wa kucokera ku Kitwe kufika ku Kalulushi. Makina oonetsa ali ndi nyali yaing'ono yofiira, yochedwa laser, imene iunika kanjirako. Kuwala kukagunda kalirole wa m'kati mwa cimbale kubwerera, ndipo makina awerenga timaenjeto mwa kusintha kwa kuwalako.

Cimbale ca ukwati wanu nca mtundu wina. Ico cinagulidwa copanda kanthu, ciri ndi utoto wopaka m'kati, ndipo mnyamata wa kamera anaciika m'makina oocha a m'kompyuta. Nchito imeneyi ndiyo imene anyamata a m'misika aicha kubena. Laser ya makina oocha iri ndi mphamvu yoposa ya makina oonetsa. Ipsereza utoto uja, nisiya timawanga tofanizira timaenje ta ku fakitale. Cotero cimbale coocha ciri cofanizira cabe. Timawanga tikapsa bwino, makina oonetsa satha kusiyanitsa. Tikapsa moperewera, makina adodoma.

Nsanjika ziwiri

Cimbale wamba ca DVD ciri ndi nsanjika imodzi ya utoto, ndipo cilowa 4.7 GB, ndiko kunena maola awiri a zithunzi zooneka bwino. Koma ukwati wa ku Chimwemwe kapena ku Chifubu sutha m'maola awiri: pali za ku chalichi, pali kubvina kwa operekeza, pali malangizo a akuru ndi kupereka mphatso. Ncifukwa cace anyamata a kamera anakondwera pamene cimbale coocha ca nsanjika ziwiri cinafika pa malonda m'caka ca 2004, pakuti ico cilowa maola pafupi-fupi anai.

M'cimbale cotere muli utoto kawiri, wina kuseri kwa unzace, ndipo pakati pace pali kampata koonekera, koonda ngati tsitsi. Kalirole wa nsanjika yoyamba ngwopyapyala dala, kuti kuwala kwina kubwerere ndi kwina kupyole kufika ku nsanjika yaciwiri. Zifanana ndi munthu amene ayesa kuwerenga kalata yoikidwa kuseri kwa nsaru yopyapyala, imene nayonso yalembedwa malembo ace. Pa cimbale ca nsanjika imodzi, mwa magawo 100 a kuwala pabwerera magawo 45 kufikira 85. Pa cimbale ca nsanjika ziwiri pabwerera magawo 18 kufikira 30 okha. Pofuna kuthandiza makina kuwerenga m'cizime-zime cotere, opanga anatalikitsa timawanga pang'ono. Ndipo ici ndico cifukwa cace cimbaleco cilowa 8.5 GB, osati 9.4 GB monga masamu akadanenera.

Apa ndipo pali yankho loyamba. Laser ikalamba monga nyali ya m'mgodi ikalamba, ndipo kagalasi kace kagwira pfumbi ndi utsi wa mbaula. Makina otere akhoza kuwerengabe cimbale ca nsanjika imodzi cifukwa kuwala kwace nkocuruka, koma pa cimbale ca nsanjika ziwiri maso ace alephera. Makina a mnansi, pokhala atsopano kapena osamalika, aona cimene anu saona.

Cifukwa cace cithunzi ciima pakati

Poonetsa filimu, laser iyamba pakati pa cimbale, niyenda pa nsanjika yoyamba kunka kumphepete. Ikafika pamene nsanjika yoyamba ithera, kagalasi kasendera pang'ono kuti kaone nsanjika yaciwiri, ndipo laser iyamba ulendo wobwerera kucokera kumphepete kunka pakati. Ngakhale pa cimbale ca ku fakitale, cithunzi cidodoma kamphindi pa malo amenewa. Koma cimbale cikadzaza, malo osinthirawa akhala kumphepete kweni-kweni, ndipo kumphepete ndiko kofoka: utoto sufalikira molingana kumeneko, cimbale cigwedera kwambiri kumeneko pozungulira, ndiponso zala ndi zokanda zicuruka komweko. Cotero nchito yobvuta koposa icitikira pa malo oipa koposa.

Woocha wodziwa nchito yace sadzaza cimbale kufikira m'milomo. Asankhanso yekha malo osinthira, kuti agwe pamene cigawo cimodzi ca mwambo catha ndi cina cisanayambe. Pulogalamu yaulere yochedwa ImgBurn, imene inaturuka m'caka ca 2005, ionetsa woocha malo onse oyenera kusinthirapo kuti asankhe. Malo osinthira akaikidwa molakwa, makina ena apunthwa pamenepo nthawi zonse, ngakhale cimbale ciri catsopano.

Citupa ca cimbale

Cifukwa cina ciri ca mitundu. Zimbale zoocha ziri za mafuko awiri. DVD-R, ya kamzere, inayambidwa ndi kampani ya Pioneer m'caka ca 1997. DVD+R, ya kamtanda, inaturuka m'caka ca 2002 kucokera ku gulu la makampani a Philips, Sony ndi anzao. Ya kamtanda ya nsanjika ziwiri, imene anaikonza a Philips pamodzi ndi a Mitsubishi, eni ace a dzina la Verbatim pa nthawiyo, ndiyo inatsogola mu 2004, ndipo ya kamzere inatsata mu 2005. Makina oonetsa opangidwa zaka zimenezi zisanafike sanamvepo za zimbale zotere.

Akuru akumbukira masiku a citupa, pamene munthu sanali kulowa pa cipata ca komboni popanda kuonetsa pepala lochula dzina lace ndi mudzi wace. Cimbale naconso ciri ndi citupa, colembedwa pafupi ndi cibowo ca pakati, cimene amisiri acicha book type. Makina ayamba awerenga citupaco. Akapeza dzina limene salidziwa, makina ena akale akana cimbale conse osayesa nkomwe kuciwerenga. Tsono pa cimbale ca kamtanda citupa cilembedwa pa nthawi yoocha, ndipo makina oocha ambiri alola kulembapo kuti DVD-ROM, ndilo dzina la zimbale za ku fakitale. Mlonda wa pa cipata akaona dzina limeneli atsegula. Pa cimbale ca kamzere citupa cinalembedwa kale ku fakitale, ndipo sicisinthika. Cifukwa ca ici, pa zimbale za nsanjika ziwiri, DVD+R DL ndiyo iyenda m'makina ambiri koposa DVD-R DL.

Makina oocha ndi liwiro lace

Makina oocha sali ofanana luso. Cimbale ciri conse copanda kanthu ciri ndi cizindikiro cobisika cochula fakitale imene inacipanga. Pa zimbale za Verbatim za nsanjika ziwiri cizindikiroco ndi MKM 001 kapena MKM 003. M'kati mwa makina oocha muli mndandanda wonena mphamvu ya moto woyenera cizindikiro ciri conse, monga mkazi wodziwa kuphika adziwa kuti moto wa nyemba suli moto wa kapenta. Makina akapeza cimbale cimene mulibe m'mndandanda wace, angoyerekeza. Pa nsanjika yoyamba kuyerekezako kukhoza kukwanira, koma nsanjika yaciwiri, imene ioocheka kupyolera m'yoyamba, ifuna moto woyezedwa bwino. Ndiponso alipo opanga zimbale zochipa amene aba cizindikiro ca makampani odziwika, kotero kuti makina apereka moto wolakwa. Pa maso zimbale zonse zinyezimira cimodzi-modzi, koma akuru anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Liwiro nalonso liri ndi mlandu. Zimbale zoyamba za nsanjika ziwiri zinali kuocheka pa liwiro la 2.4x, ndipo kudzaza cimodzi kunali kutenga mphindi pafupi-fupi 45. Pambuyo pace panabwera za 8x, zimene zitha m'mphindi 20 kapena kucepera. Mnyamata wa pa msika wa Chisokone kapena wa Masala amene ali ndi anthu khumi omdikira ayesedwa kuthamangitsa makina. Koma cimbale coocha mothamanga cikhala ndi zolakwa zambiri, makamaka kumphepete kuja. Liwiro la 4x kapena la 2.4x ndilo lopereka cimbale codalirika. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Pali mdani winanso amene anthu a ku Copperbelt amdziwa bwino, ndiye kuzima kwa magetsi. M'zaka za 2015, 2019 ndi 2024 madzi anacepa m'nyanja ya Kariba, ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Cimbale ca DL cioocheka kamodzi kokha. Magetsi akazima pakati pa nchito, cimbaleco cafa. Woocha wanzeru agwiritsa nchito laputopu ya batire lamoyo. Ndipo amene aocha ndi makina ojambulira a pa TV akumbukire kutseka cimbale pomaliza, pakuti cimbale cosatseka ciyenda m'makina amene anaciocha, koma makina ena ambiri acikana.

Cimbale cikalamba

Ngakhale cimbale cimene cinaocheka bwino sicikhala muyaya. Utoto uja ufwifwa ndi dzuwa monga citenje cifwifwa pa cingwe. Kutentha kwa mwezi wa October pansi pa malata kuufulumizitsa kuonongeka, ndipo cinyezi ca m'dzinja cilowa pang'ono-pang'ono m'pulasitiki. Kalirole wa zimbale zoocha zambiri ngwa siliva, ndipo siliva ada akakomana ndi mpweya wa sulfure, womwe uja wa m'utsi wa senta umene anthu a ku Mufulira ndi ku Kitwe anakhala nao zaka zambiri. Akatswiri osamala zinthu zakale a ku Canadian Conservation Institute, atayesa mitundu ya zimbale, anaika DVD+R DL m'gulu la zosakhalitsa, za zaka 5 kufikira 10, ngakhale zitasungidwa pabwino. Zina zipitirira pamenepo, inde. Koma amene anakwatira mu 2010 adziwe kuti cimbale cace ciri m'ukalamba.

Coopsya ncakuti ukalamba umenewu suoneka. Mbale ya galamafoni ikakandika ilira thethethe, koma nyimbo imvekabe, ndipo mwini adziwa kuti mbale yace irikutha. Makina a DVD ali ndi masamu okonza zolakwa, ndipo abisa kuonongeka konse kufikira tsiku limene zolakwa ziposa masamuwo. Dzulo cithunzi cinali coyera. Lero mulibe kanthu.

Makina naonso alikusowa. Kampani ya Apple inaturutsa laputopu yopanda polowetsa cimbale m'caka ca 2008, ndipo lero malaputopu atsopano ambiri ali otero. Kampani ya Taiyo Yuden ya ku Japan, imene zimbale zace zinali zochuka cifukwa ca ubwino, inaleka kuzipanga mu 2015. Mu February 2025 Sony inaleka kupanga zimbale zoocha za Blu-ray pamodzi ndi matepi a kamera a MiniDV, ndipo caka comweco Pioneer, imene inayamba DVD-R, inasiya malonda a makina oocha. Tsiku lidza pamene cimbale cidzakhalapo, koma cociwerengera cidzabvuta kupeza.

Cimene oimba a ku Copperbelt anaona

Dziko lino linapita kale m'njira yotere. Pakati pa zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 za pa wailesi zikhale za m'Zambia, ndipo magulu a nyimbo za Zamrock anacuruka. Gulu la Amanaz la ku Kitwe linajambula mbale yace yochedwa Africa ku Malachite Studio ku Chingola mu 1975. Gulu la WITCH, limene woimba wace Emmanuel "Jagari" Chanda anakulira ku Kitwe, linali kudzaza maholo. Mtengo wa mkuwa utagwa ndi cuma citabvuta, mbalezo zinaleka kudindidwa, ndipo zambiri zinatayika. Pamene kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inayamba kuturutsanso nyimbozi, kufikira mbale za Welcome to Zamrock! za mu 2017, cinatheka cifukwa panapezeka anthu amene anasunga mbale kapena tepi kwa zaka zoposa 30. Nyimbo za oimba ochuka zinapeza ozifunafuna kucokera kutsidya kwa nyanja. Ukwati wa ku Wusakile ndi kwaya ya ku Kabushi ziribe wozifunafuna wina koma eni ace.

Zoyenera kucita

Coyamba, turutsani zimbale zanu sabata yomwe ino ndi kuziyesa. Musaone ciyambi cokha. Lumphani kufika pakati pamene nsanjika zisinthira, ndi kumapeto komwe.

Caciwiri, cimbale ciri conse cimene ciyenda, cikopereni msanga. Pitani naco kwa munthu wa kompyuta, ndi kumuuza kuti akopere foda yonse yochedwa VIDEO_TS, osasiyako kanthu. Pulogalamu yaulere ya VLC itha kuonetsa fodayo popanda cimbale. Sungani makope awiri kapena atatu m'malo osiyana: lina pa hard disk, lina pa flash disk kwa mbale wa ku tauni ina, lina pa intaneti ngati muli nayo njira. Flash disk nayonso ifa. Cifukwa cace pakapita zaka zowerengeka, yesani makopewo ndi kuwakoperanso.

Cacitatu, cimbale cikakana musacitaye. Cipukuteni ndi kansaru kofewa kucokera pakati kunka kumphepete, osati mozungulira. Ciyeseni m'makina ena, makamaka m'makina oocha a kompyuta, pakuti amenewa adziwa zimbale za DL koposa makina a pa TV, ndipo atha kubwereza-bwereza pa malo obvuta. Mnyamata wa kamera uja akapezeka, mfunseni ngati anasunga tepi kapena mafailo oyamba.

Cacinai, amene afunabe kuochetsa cimbale lero aganize bwino ngati nsanjika ziwiri zifunikadi. Zimbale ziwiri za 4.7 GB, cina ca ku chalichi ndi cina ca ku madyerero, ziyenda m'makina ambiri koposa cimodzi ca 8.5 GB, ndipo cimodzi cikafa cinzace citsala. Ngati DL ifunika ndithu, ikhale ya kamtanda, ya dzina lodziwika, yoocha pang'ono-pang'ono, ya citupa ca DVD-ROM. Woocha alamule kompyuta kuti iwerengenso cimbale conse itatha kuocha, ndipo mwini aciyese m'makina a pa TV asanapereke ndarama.

Cacisanu, sungani zimbale coimirira m'zikuto zace, pa mthunzi, kutali ndi zenera ndi mbaula. Zigwireni m'mphepete. Musamatepo pepala, pakuti licititsa cimbale kugwedera pozungulira. Musalembepo ndi bolopeni. Ndipo musazipinde poziturutsa m'cikuto, pakuti DVD iri mapale awiri omata pamodzi, ndipo zithunzi ziri pakati pao.

Mau awa anena za zithunzi za banja lanu ndi za mpingo wanu. Kukopera nyimbo ndi mafilimu a eni ace ndi kuwagulitsa ndi mlandu pa lamulo la Copyright and Performance Rights Act la 1994, ndipo mu 2013 Boma linayamba kumata cizindikiro ca hologram pa zimbale zololedwa pofuna kuteteza oimba.

Inu atate ndi amai, nkhope za makolo anu ndi mau ao ziri pa kautoto koonda kuposa tsitsi, kamene kafwifwa caka ndi caka. Nchito yozipulumutsa iri ya madzulo amodzi ndi makwaca owerengeka, ndipo mdzukulu wodziwa kompyuta akhoza kuicita inu muli kumuuza maina a anthu ooneka pa cithunzi. Icitike cimbale cikali kuyenda, pakuti madzi akatayika saoleka. Tsalani bwino nonse, ndipo inu olowa nchito ya usiku, muyende bwino pansi ndi kuturuka bwino.